Dolby Atmos pabalaza panu: masipika aja muwaike pati kuti mawu azichokeradi mmwamba

Kuno ku Lilongwe anthu ambiri akagula home theatre masipika onse amangowandandalika pa TV stand, mzere umodzi, sabuufa pakati, kenako nkumadandaula kuti surround yake sikumveka. Ena amawapachika mmakona pafupi ndi siling'i penipeni kuti ana asagwetse. Zonsezi zimapha chinthu chomwe munachilipirira ndalama zambirimbiri, makamaka ngati ampu yanu, makina omwe amalandira mawu nkuwagawa ku masipika onse, ndi ya Dolby Atmos kapena mnzake wogwira ntchito mofanana DTS:X. Ine pankhaniyi ndimaima pa mfundo imodzi, masipika wamba oikidwa pamalo pake amamveka bwino kuposa odula oikidwa mwachisawawa, ndiye musanaganize zosintha ampu kabwerekeni kaye tepi kwa akalipentala, mupeze choko ndi chingwe, tiyeze balaza lanulo.

Koma kaye Atmos ndi chani kwenikweni, chifukwa mukaimvetsa zina zonsezi simuvutika nazo. Pa 5.1 ya pa DVD ija, wokonza mawu ku studio amagawiratu kuti phokoso ili lipite ku sipika yakumanzere, ili kumbuyo kumanja, basi zatha. Zili ngati nsima yoomoledwa kale mmbale 5, kaya mubwere anthu 3 kaya 9 mbale zake ndi zomwezo. Atmos imabwera ndi mphika wonse, woomola ndi ampu yanuyo potengera masipika omwe alipo pakhomopo. Phokoso lina lililonse lofunika, kaya ndi helikopita, chipolopolo kapena mbalame, limasungidwa palokha, amalitchula kuti object, ndipo limayenda ndi kauthenga konena kuti pakadali pano lili pati, kutsogolo kapena kumbuyo, kumanzere kapena kumanja, pansi kapena mmwamba, ndiponso likulowera kuti. Ampu imawerenga kauthengako nkuona kuti ndi masipika ati omwe agawane phokosolo kuti inu mulimve likuchokera pamalo pomwepo.

Dolby anaitulutsa Atmos ku ma cinema mu 2012, mmanyumba inalowa 2014, DTS:X inatsatira 2015. Ku cinema filimu imatha kukhala ndi ma track 128, mwa iwo 10 amagwira ntchito ngati ma channel akale aja pomwe 118 ndi ma object, ndipo holo imodzi imatha kukhala ndi masipika 64 iliyonse yolandira zakezake. Ya kunyumba ma object oyandikana amawaphatikiza kuti zikwane pa disiki kapena pa intaneti koma nzeru yake ndi yomweyo. Ndiye gwirani ichi, ampu ilibe maso. Imangokhulupirira kuti sipika yomwe mwailumikiza pa Surround Left ili kumanzere chakumbuyo kwanu, ya Top Middle ili pamwamba pa mutu. Mukainamiza iyo siidziwa, iwerengera masamu ake bwinobwino nkutumiza helikopita ija ku sipika yomwe yakhala pa TV stand pambali pa dekoda.

Manambala mumawaona pa katoni aja, 5.1.2, 5.1.4, 7.1.4, yoyamba ndi masipika a pamsinkhu wa khutu, yachiwiri ndi sabuufa, yachitatu ndi a mmwamba. Ampu yolembedwa 7.2 ili ndi mphamvu yoyendetsa masipika 7 okha, ndiye musankhe, 7.1 yopanda a mmwamba kapena 5.1.2, zonse pamodzi sizitheka. Ya ma channel 9 ikupatsani 5.1.4 kapena 7.1.2, ya 11 ndiyo imafika 7.1.4. Pa mabalaza athu ambiriwa a mamita 4 kwa 5 kapena kucheperapo, 5.1.2 ndiyokwana, ndipo ngati thumba lalola ya 9 ine ndingakuuzeni kuti tengani 5.1.4 osati 7.1.2, chifukwa masipika 4 mmwamba ndi omwe amapangitsa kuti ndege iyambire kutsogolo nkukudutsani pamutu kupita kumbuyo, awiri okha amangokuuzani kuti mmwambamu muli chinthu. Chenjeraninso ndi masabuufa a Bluetooth aja amadzaza mmashopu ku Old Town okhala ndi timasipika 5, ambiri mwa iwo amangotenga stereo nkuigawa ku masipika onse, palibe Atmos pamenepo. Ampu yeniyeni imakhala ndi malo angapo a HDMI kumbuyo ndi chizindikiro cha Dolby Atmos, komanso mu menu mumapezeka mosankha masipika a Height kapena Top.

Kuyeza kumayambira pa mpando osati pa TV. Ndikudziwa mmene timayalira mabalaza athu, masofa kutsamira makoma onse atatu, thebulo pakati, TV pakona. Nzabwino pocheza ndi alendo koma filimu siimveka choncho. Sankhani sofa imodzi yomwe iziyang'anizana ndi TV maso ndi maso, TV yo ichoke pakona ibwere pakati pa khoma. Sofayo muikokere kutsogolo ichoke kukhoma lakumbuyo, ngakhale masentimita 60 okha athandiza, mita imodzi ndiye bwino kwambiri. Mutu ukagunda khoma besi imachuluka mopanda dongosolo komanso masipika akumbuyo amasowa pokhala. Koma musafikenso pakatikati penipeni pa chipinda, pamenepo besi ina imazimiririka. Apa mukambirane bwino ndi apabanja musanayambe kukoka mipando, balaza ndi la onse. Mukagwirizana khalani pakati pa sofayo, wina ayeze kuchoka pansi kufika pakhutu lanu, nthawi zambiri imakhala pakati pa mita 1 ndi 1.2, ndipo muchonge ndi choko pansi pomwe pali mutu wanu. Miyezo yonse ichokera pachongapo. Madigiri tiziwerenga chonchi, pakati pa TV ndi 0, mbali mwanu penipeni ndi 90, kumsana ndi 180.

Masipika awiri akutsogolo Dolby amati akhale pakati pa madigiri 22 ndi 30 mbali iliyonse. Simukufunika chida chapadera. Yezani kuchoka pachonga paja kufika pa TV, tinene kuti ndi mamita 3. Chulukitsani ndi 0.4 mupeza 1.2, chulukitsaninso ndi 0.58 mupeza cha mma 1.7. Ndiye sipika iliyonse ikhale pakati pa mamita 1.2 ndi 1.7 kuchoka pakati pa TV. Muona kuti TV stand zambiri sizifika pamenepo nkomwe, nchifukwa chake masipikawa amafuna miyendo yawoyawo kapena mabulaketi a pakhoma. Katwita kaja, kasipika kakang'ono kotulutsa mawu opyapyala, kakhale pamsinkhu wa khutu mutakhala pansi, ndipo muapotoze pang'ono kuti aloze pa mpando. Tengani chingwe chija mumange pomwe pamakhala mutu, mukokere ku sipika yakumanzere kenako yakumanja, utali ufanane. Ngati sipika ili ndi bowo la besi kumbuyo musaigundike kukhoma, siyani mpata wa masentimita 20 kapena 30.

Sipika yapakati ndi yomwe imanyamula zolankhula pafupifupi zonse za mufilimu, ndiye ngati pali sipika yoti muwonongerepo ndalama ndi imeneyi. Ikhale pansi pa TV penipeni, kutsogolo kwake kufanane ndi mlomo wa shelefu, osaikankhira mkati mwa kabati chifukwa mawu amamveka ngati munthu akuyankhula mubokosi. Ngati yatsika kwambiri ikani timphira kunsi chakutsogolo kuti iyang'ane kumaso kwanu osati kumaondo. Vuto lija loti mfuti zikuphokosera koma zoyankhula sizikumveka nthawi zambiri gwero lake ndi pamenepa.

Tsopano a surround, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse chifukwa ndi pomwe Atmos ya anthu ambiri imafera. Kale amatiuza kuti tiwakweze mmwamba kuti mawu amwazikane. Pa Atmos zimenezo ayi. Khutu limazindikira kuti chinthu chili mmwamba pokhapokha ngati pali mpata wooneka pakati pa masipika apansi ndi a mmwamba, mukawakweza a surround kufika pafupi ndi siling'i zonse zimangosakanikirana, mvula ya mufilimu ndi galimoto yodutsa kumbuyo zonse zichokera malo amodzi. Atsitseni afike pamsinkhu wa khutu, kapena kukwererapo pang'ono kuti mutu wa amene mwakhala naye usatchinge. Dolby amati asapitirire 1.25 kuchulukitsa msinkhu wa akutsogolo aja, ndiye ngati akutsogolo ali pa mamita 1.2 awa asadutse 1.5. Nkhani ya ana ithetseni ndi bulaketi yolimba ndi ma rawl plug, osati kukweza sipika. Pa 5.1 malo ake ndi madigiri 110 mpaka 120, kutanthauza mbali mwanu koma chakumbuyo pang'ono. Ngati khoma lammbali lili mamita 2 kuchoka pamutu panu, bwererani mmbuyo masentimita 70 mpaka mita 1.1, mukhome pamenepo, sipika iloze kumpando. Ngati sofa yakanika kuchoka kukhoma, aikeni mmbali cha pa 90 kapena 100, ndipo za 7.1 muiwale, chifukwa awiri owonjezerawo amafuna madigiri 135 mpaka 150, kumbuyo kukhale malo. Sipika yogunda khutu la munthu wokhala kumapeto kwa sofa imangosowetsa mtendere.

A mmwamba aja masamu ake ndi osavuta ngati mwayeza. Yezani kuchoka pansi kufika ku siling'i, muchotsepo msinkhu wa khutu. Tinene siling'i ili pa mamita 2.7 khutu pa 1.1, yotsala ndi 1.6. Ngati mukuika masipika 4, awiri akhale mamita 1.6 kutsogolo kwa mutu wanu, awiri enawo 1.6 kumbuyo, amenewo ndiye madigiri 45 omwe Dolby amalimbikitsa. Amalola kuyambira 30 mpaka 55, ndiye pa siling'i yomweyi akumbuyowo mutha kuwayandikitsa mpaka mita 1.1 koma osachepera apo. Ngati kumbuyo kwa sofa kulibe mpata umenewo musakakamize, ikani awiri basi. Awiriwo malo awo ndi pafupifupi pamwamba panu koma chakutsogolo pang'ono, madigiri 80 kuwerengera kuchoka kutsogolo kukwera mmwamba, pa chitsanzo chathuchi ndi masentimita 30 kutsogolo kwa mutu. Anthu ambiri amakawaika pamwamba pa TV chifukwa waya safika patali, apo amangosakanikirana ndi akutsogolo aja. Kumbali, ayende mzere umodzi ndi masipika akutsogolo, yakumanzere pa mzere wa yakumanzere, yakumanja chimodzimodzi, osati kukhoma penipeni komanso osati kuthithikana pakati pafupi ndi babu. Kuti musaphonye, chongani kaye pansi kenako mulendewetse chingwe chomangirira kamwala kuchoka ku siling'i mpaka kagunde pachongapo. Ngati masipika ake ali ndi katwita kotembenuka kalozetseni kumpando.

Kuboola kwake kumatengera siling'i yanu. Ya gypsum kapena ya bodi imadulika bwino ndi kasowo kakang'ono, koma wina akwere kaye kudenga ndi tochi akaone pomwe padutsa mapulanga ndi mawaya amagetsi, ndipo main switch ikhale yozimitsa. Pulanga likapezeka pamalo penipeni sunthani masentimita 10 kapena 15, koma musunthe mbali zonse ziwiri mofanana. Ya PVC ndiyopepuka ndipo imanjenjemera, sipika isalendewere pa PVC yokhayo, kalipentala akhome thabwa pamwamba pake lomangirira ku mapulanga. Kumbukiraninso kuti pansi pa malata mu October mumatentha koopsa, muli fumbi, nthawi zina makoswe, ndiye sipika iliyonse muipangire kabokosi ka thabwa kovindikira kumsana kwake ndipo waya adutse mu paipi ya conduit. Kabokosiko kamachepetsanso mawu odutsa mudenga kukalowa kuchipinda komwe ana agona. Amene muli pa lendi musaboole siling'i ya eni ake musanawafunse alandilodi, njira yabwino ndi timasipika tamabokosi tomangirira ndi bulaketi pa pulanga, waya kuyenda mu trunking yoyera, tsiku losamuka mumangomasula nkutseka timabowo ta sikuluu.

Palinso masipika oloza mmwamba omwe mumawasanjika pamwamba pa akutsogolo aja, mawu amakagunda siling'i nkubwerera kwa inu. Amafuna siling'i yafulati, yolimba, yotalika pakati pa mamita 2.3 ndi 4.3. Amagwira ndithu koma ndinene mosabisa, safika pa sipika yeniyeni yomwe ili mmwamba. Ma soundbar a Atmos amagwiritsa nzeru yomweyi, ndipo ena alibe nkomwe masipika oloza mmwambawo, amangonyengerera khutu ndi masamu, ndiye suzumirani pamwamba pa soundbar musanalipire. Nyumba ya siling'i yopendekera ngati zina zatsopano za ku Area 43 kapena Area 47, kapena yopanda siling'i, mawuwo amangotayika. Koma yopanda siling'i ili ndi mwayi wake, mitanda ya denga ili poyera, mutha kulendewetsa timasipika pamalo penipeni pomwe masamu akuuzani osaboola kalikonse, bola mumange zolimba ndipo zisakhudze malata. Njira ina ndi kukhoma masipika pakhoma lakutsogolo mmwamba kwambiri, pamwamba pa yakumanzere ndi yakumanja, ataweramira kumpando. Chilichonse chomwe mwasankha mukaiuze ampu zoona mu menu, Top Middle pa awiri a pa siling'i, Top Front ndi Top Rear pa anayi, Front Height pa okhoma pakhoma lakutsogolo kapena Dolby Enabled pa oloza mmwamba aja, chifukwa chilichonse imachiwerengera mosiyana.

Sabuufa ndiye ili ndi khalidwe lakelake. Mawu otsika kuposa 80 Hz (Hz ndi muyezo wa kutsika ndi kukwera kwa mawu, nambala ikachepa ndiye besi) khutu limavutika kudziwa komwe akuchokera, ndiye siikakamizidwa kukhala pafupi ndi TV. Vuto ndi chipinda. Funde la 50 Hz ndi lotalika pafupifupi mamita 7, kuposa balaza lenilenilo, ndiye limagunda makoma athu a njerwa ndi pulasitalawa nkubwerera nkumakumana lokhalokha, pena besi kuchuluka mpaka mawindo kulira, kusuntha mita imodzi besi kulibiretu. Njira yopezera malo ake ndi iyi. Nyamulani sabuufa muikhazike pa sofa pomwe mumakhala paja, ikani nyimbo ya besi yoyenda yokwera ndi kutsika, yomwe mumaidziwa bwino, kenako inuyo mukwawe mmbali mwa makoma mutu uli pansipansi. Pomwe mumve besi yosalala, manotsi onse akumveka mofanana popanda limodzi lofufuma kuposa anzake, chongani, sabuufa ikakhale pamenepo. Pakona imamveka yamphamvu koma kawirikawiri imangoti buu buu osasiyanitsa kanthu. Mukabati musaiike. Kumbuyo kwake kabatani ka crossover, koika malire a mawu omwe sabuufa itulutse, kapotozeni mpaka kumapeto kapena pa LFE kuti ntchito yosefa ikhale ya ampu, voliyumu pakati, phase pa 0. Mukadzapeza ndalama, masabuufa awiri apakatikati oikidwa malo osiyana amasalaza besi pamipando yonse kuposa imodzi yaikulu. Ndipo amene mumakhala nyumba zogundizana khoma ngati zambiri za ku Area 18, Kawale kapena Area 25, besi imadutsa njerwa, aneba amaimva kuposa mmene mukuganizira. Ikhazikeni pa kaphira kokhuthala, italikirane ndi khoma logawanalo, usiku muyatse Night Mode kapena Dynamic Volume, zoyankhula zizimveka bwino voliyumu ili pansi.

Waya musapusitsidwe ndi odula kwambiri, koma musagulenso kawaya kopyapyala kaja. Wa kopa wa 1.5 mm² akwana pa mitunda yosapitirira mamita 10, wopita kudenga ndi kumbuyo tengani 2.5 mm². Pogula palani kamodzi ndi mpeni, ngati mkati mwayera ndiye kuti ndi aluminiyamu wongopaka kopa, ameneyo amafuna wonenepa kwambiri kuti afanane. Chofiira ku chofiira, chakuda ku chakuda, mbali zonse ziwiri, mukatembenuza pa sipika imodzi besi imafooka ndipo mawu apakati amabalalika. Potani bwino nsonga, kaubweya kamodzi kokha kokhudza mnzake kamazimitsa ampu nkulemba Protect.

Nkhani ya magetsi musaidumphe. Kwathu kuno ndi 230V pa 50 Hz. Ampu yochokera ku UK kapena ku Joni ilibe vuto, mwina kusintha pulagi basi, koma ya ku America ndi ya 120V, ya ku Japan 100V, mukangoilowetsa pasoketi popanda transformer yapsa pomwepo. Werengani kumbuyo musanaitanitse kwa achibale kapena musanagule ya kaunjika. Ikani chotetezera magetsi chomwe chimadikira kaye pang'ono magetsi akabwerera, ndipo ngati mumagwiritsa inveta ikhale ya pure sine wave, zinazi zimaliritsa ampu ndi sabuufa kuti nng'ii komanso kuzitenthetsa. Nyengo ya mvula kukayamba ziphaliwali zulani pulagi, muzulenso waya wa dishi kapena HDMI yochokera ku dekoda chifukwa mphenzi imalowera kumenekonso. Pamwamba pa ampu pasakhale dekoda kapena kansalu kokongoletsa, imapumira pamenepo.

Zonse zikakhala pamalo ndiye mutulutse kamaikolofoni kanabwera mukatoni kaja, komwe ampu imagwiritsa ntchito poyeza yokha mitunda ndi mphamvu ya masipika, ngati mukugula ampu yogwiritsidwa kale ntchito funsani kameneka. Denon ndi Marantz pulogalamu yake ndi Audyssey, Yamaha ndi YPAO, Pioneer MCACC, Onkyo AccuEQ, ena apamwamba ali ndi Dirac Live. Kaikeni pomwe pamakhala mutu, pamsinkhu wa khutu, kataloza ku siling'i, pa tripod kapena chinthu chowonda choima chokha, osagwira pamanja komanso osakakhazika pa msana wa sofa. Mnyumba mukhale zii, fani ndi filiji zozimitsa, mawindo otseka, ndipo osayesa mvula ikugwa pa malata kapena jenereta ya aneba ikulira. Ikapempha malo angapo musapite kumasofa akukhoma aja, zungulirani pafupi pomwepo, masentimita 30 mpaka 60 kuchoka poyambira.

Ikamaliza musangokhulupirira, lowani mu menu muone zomwe yalemba. Kawirikawiri masipika akutsogolo imawalemba Large, asintheni onse akhale Small ngakhale ndi ataliatali, crossover pa 80 Hz, kuti besi yolemera izipita ku sabuufa ndipo ampu ipepukidwe. Timasipika tating'ono ndi ta mmwamba tingafune 100 kapena 120, ngati ampu yaika nambala yokwera musaitsitse, kukweza ndiye kololedwa. Mitunda yerekezani ndi tepi. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndiye ampu imachedwetsa masipika apafupi kuti onse afike pakhutu nthawi imodzi, ikalakwitsa mtunda zinthu zoyenda zija zimadumphadumpha mmalo moyenda mosalala. Wa sabuufa wokha ukaoneka wautali kuposa weniweni usiyeni, ikuwerengera kuchedwa kwa zamkati mwake. Ngati maikolofoni palibe lembani mitunda pamanja, yatsani test tone, kaphokoso koyesera komwe ampu imatulutsa pa sipika imodziimodzi, mugwiritse apu yoyeza phokoso pafoni, sipika iliyonse ifike pa 75 dB (muyezo wa kukula kwa phokoso) mutakhala pampando paja. Foni siyolondola kwenikweni makamaka pa besi koma pofananitsa masipika imathandiza. Pambuyo pake kuwonjezera 1 kapena 2 dB pa yapakati ndi pa a mmwamba si tchimo, ine ndimatero.

Matailosi, makoma osalala ndi mawindo akuluakulu zimabweza mawu kwambiri, ombani mmanja mumve kulira kotsalira. Kalipeti wokhuthala pakati pa sofa ndi TV, makatani olemera, shelefu ya mabuku kukhoma lakumbuyo, zimenezi zimasintha zinthu kuposa mmene mungaganizire. Thebulo lagalasi lija lisunthireni pambali nthawi ya filimu.

Chatsala ndi choti Atmos yo ifikedi ku ampu, chifukwa ambiri ali ndi zida zonse koma sanaimvepo. Waya wa optical sunyamula Atmos, ndi HDMI basi. Ngati mukuonera pa ma apu a mu TV, lumikizani ampu pa bowo lolembedwa ARC kapena eARC, ndipo mu settings za mawu a TV musankhe Passthrough, Bitstream kapena Auto, osati PCM. ARC wamba imanyamula Atmos ya pa intaneti yomwe imabwera mu Dolby Digital Plus pa ma TV omwe amalola, koma ya pa Blu-ray ya Dolby TrueHD imafuna eARC, kapena player yo ilowe mu ampu mwachindunji, chithunzi chipitirire ku TV. Pa Netflix Atmos ili pa pulani ya Premium yokha ndiponso si filimu iliyonse, muziona chizindikiro pafupi ndi dzina la filimu. Muganizirenso bandulo, iwo eni amati HD imadya mpaka 3 GB pa ola, 4K mpaka 7 GB. Xbox Series X ndi S zimatulutsa Atmos, PlayStation 5 inayamba mu 2023. Mafilimu oikitsa pa fulashi ambiri anawafinya mpaka mawu anatsala stereo, ndipo mavidiyo a pa YouTube olembedwa kuti Atmos test safika ku ampu ngati Atmos, musaweruze masipika anu ndi amenewo.

Pa zinthu zomwe si Atmos, mpira wa pa dekoda, nkhani, nyimbo zathu, ampu ili ndi Dolby Surround kapena DTS Neural:X zomwe zimatenga stereo kapena 5.1 nkumwaza zina kumbuyo ndi mmwamba, pa mpira phokoso la masapota limakuzungulirani bwino ndithu. Multi Channel Stereo ija isungireni tsiku la phwando, pa filimu imatulutsa zoyankhula paliponse nkusokoneza zonse mwayeza zija.

Poyesa komaliza yatsani test tone muone ngati phokoso likuyenda mwadongosolo, sipika yomwe yalembedwa pa sikirini ndi yomwe ikulira, mawaya akumbuyo ndi akudenga amasinthanitsidwa kawirikawiri. Kenako ikani filimu ya Atmos mudine Info pa rimoti ya ampu, pa mawu olowa palembedwe Dolby Atmos. Pakalembedwa PCM kapena Stereo vuto lili ku TV kapena ku gwero, bwererani ku settings. Pakalembedwa Atmos koma mmwamba simukumva kanthu, dziwani kuti mafilimu ena masipika a mmwamba amawagwiritsa mwa apo ndi apo, yesani pamalo pomwe pali mvula, bingu kapena ndege. Zikakanikabe musathamangire kukweza voliyumu yawo, tenganinso tepi muyeze msinkhu wa a surround aja, ngati adutsa mamita 1.5 atsitseni kenako muyendetsenso maikolofoni.